Ana alembe tsiku limene nyenje zalira

Pa tchuthi cha Khrisimasi ndinacheza ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa Sitandade 7 wakuthwa mutu, amene pakhomo onse amamuwerengera kuti adzasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Tinali pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba, milomo ili yachikasu ndi mango, iye akundionetsa zomwe analemba m'kope la sayansi. Mitundu ya mitambo anaitchula m'Chingerezi osapunthwa ndi pamodzi pomwe. Za momwe madzi amachokera m'nyanja kukwera kumwamba n'kubwereranso pansi anazilakatula ngati vesi la ku Sande sukulu. Ndiye ndinamufunsa kuti mtengo umene tikudya zipatso zakewu unachita maluwa mwezi uti. Anayang'ana m'mwamba, nandiyang'ana ine, kenaka n'kuseka.

"Malume, zimenezo sizibwera pa mayeso."

Sananame mwanayo, ndipo mlandu si wake. Tamuphunzitsa tokha kuti chodziwa chenicheni chimachokera pa bolodi, ndipo zimene maso ake akuona popita kusukulu ndi zongodutsa. Chimene ndikupempha pano n'chaching'ono moti ena achiseka. Sukulu iliyonse ya pulaimale m'dziko muno ikhale ndi kope limodzi lachikuto cholimba, momwe ana azilembamo, ndi deti lake, zimene aona zikusintha m'chilengedwe chowazungulira. Kopelo lisachoke pasukulupo. Likadzaza pabwere lina, chaka ndi chaka, mpaka ana a anawa adzaliwerenge.

Agogo anga aakazi sanapondepo m'kalasi, koma kalendala anali nayo, yolembedwa m'tchire. Mombo ndi mtondo zikavala masamba atsopano ofiira, phiri lonse n'kuoneka ngati layaka, ankati makasu atuluke, kusosa kuthe. Nyenje zikayamba kuboola makutu masana ankadziwa kuti dzuwa lafika pachimake ndipo mitambo siili kutali. Mvula yoyamba ya mu Okutobala ikagwa, fungo la dothi lili ponseponse, ife ana tinkafuna kuthamangira mbewu. Iwo ankatiletsa: "Ameneyu ndi chizimalupsa, wabodza uyu, akuphikirani mbewu m'nthaka." Ankadikira anamzeze achuluke mlengalenga, abongololo ayambe kudutsa pabwalo, msangu wa m'munda uyoyole masamba, poti mtengo umenewu uli ndi khalidwe lakelake: anzake akamavala m'dzinja iwo umavula, anzake akamavula m'chilimwe iwo umavala.

Ine ndimati imeneyi inali sayansi ndithu. Munthu waona chinthu kambirimbiri, wazindikira chimene chimatsogola ndi chimene chimatsatira, ndipo akulima motsata zomwe wazindikirazo. Vuto lake linali limodzi, kuti zonse zinkakhala m'mutu mwa munthu. Agogo atatsikira kuli chete anapita nayo kalendala yawo, ife tinatsala ndi zibenthu.

Funsani mlimi aliyense lero, kaya ku Balaka kaya ku Kasungu, akuuzani kuti mvula ya masiku ano ndi yosadalirika, ikuchedwa kuyamba, ikufulumira kukata. Ine sinditsutsa. Koma mufunseni kuti m'mudzi mwakemo ikuchedwa ndi masiku angati poyerekeza ndi zaka 20 zapitazo, muona mkangano ukubuka pakati pa anthu obadwira khomo limodzi. Mutu wa munthu umasunga zaka zowawa. Njala ya 1949 akuluakulu amaisimbabe. Napolo wa ku Phalombe wa 1991, njala ya 2002, madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Freddy amene anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Chiradzulu mu Malichi 2023, ng'amba ya 2024 pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, zonsezi palibe angaiwale. Zaka wamba, zomwe ndiye zambiri, zimasungunuka n'kusanduka mawu amodzi akuti "kale". Chonsecho kusintha kwa nyengo kumabisala m'zaka wambazo, m'masiku atatu apa, sabata imodzi apo, ndipo popanda cholembedwa palibe angakuone.

Ku England kunali mwini minda wina wa ku Norfolk, Robert Marsham, amene mu 1736 anayamba kulemba tsiku limene mitengo ya pamalo pake yaphuka masamba, tsiku limene waona namzeze woyamba, tsiku limene achule ayamba kulira. Iye atamwalira, a m'banja lake anapitiriza mpaka 1958. Ku Kyoto, m'dziko la Japan, anthu a kunyumba ya mfumu ndi ansembe ankalemba m'mabuku awo tsiku la chikondwerero cha maluwa a mitengo ya cherry, ndipo zolembazo zikubwerera m'mbuyo zaka zoposa 1,200. Ndi chifukwa chake mu 2021, maluwawo atafika pachimake pa 26 Malichi, akatswiri anatha kunena motsimikiza kuti chiyambire kulemba anali asanafulumirepo chotero. Palibe mwa olembawa amene ankadziwa kuti akusonkhanitsa umboni wa kutentha kwa dziko. Ankangolemba zimene aona, n'kuika deti.

Tisapite kutali. Tikudziwa kuti kuyambira cha mu 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 madzi a m'nyanja ya Malawi anatsika mpaka Shire kusiya kutuluka m'nyanjamo, Shire yemweyu amene lero akutiyatsira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Tikudziwa kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kudzauma kwambiri mu 2018. Tikudziwa chifukwa wina analemba. Ndipo pitani m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje: eni ake salima molota ayi, ali ndi zoyezera mvula, ndipo kalaliki amalemba m'mawa uliwonse. Mwini esiteti akafuna kudziwa ngati mvula ya Novembala ikucheperachepera amatsegula buku. Mayi wolima ekala imodzi kuseri kwa esitetiyo, amene mbewu yake ikapsa palibe banki yomubwereketsa ina, amadalira kukumbukira ndi zonena za pawailesi. Kusiyana kumeneku kumandiwawa kuposa kusiyana kwa mathirakitala, chifukwa mtengo wa kope ndi cholembera sufika ngakhale pa nkhuku imodzi.

Wina anena kuti imeneyi ndi ntchito ya nthambi yoona zanyengo. Ndi zoona, ndipo nthambiyi chaka chilichonse imalengeza momwe dzinja likuyembekezeka kukhalira, mpaka boma ndi boma. Koma malo ake oyezera ndi ochepa poyerekeza ndi midzi yathu, pomwe mvula ya kuno ndi yatsankho: imagwa tsidya lino la mtsinje, tsidya linalo fumbi lili koboo. Masukulu a pulaimale alipo oposa 5,000, ndipo palibe dera limene mulibe. Kulikonse kumene kuli sukulu kuli maso mazanamazana odutsa njira zomwezomwezo m'mawa ndi masana, miyezi khumi pa chaka. Palibe unduna umene ungalembe ntchito anthu ochuluka chotero.

Ntchito yake ndi yosavuta. Tsamba la kope ligawidwe panayi: deti, chimene chaoneka, malo ake, ndi dzina la amene waona. Kalasi isankhe mitengo yowerengeka, itatu kapena isanu, ndipo ikhale yomweyo chaka chilichonse, chifukwa mango wa kudambo ndi mango wa pamtunda sachita maluwa tsiku limodzi. Kumene mombo unatha ndi makala asankhe zomwe zilipo, mango, mlambe, masuku, ngakhale jakaranda wa m'tauni amene amayala maluwa ake m'misewu ya Blantyre ndi Zomba dzuwa likamaswa mtengo. Ndipo alembe ndithu kuti mombo kuno kulibenso, poti imeneyonso ndi mbiri. Pakhalenso chitini chowongoka, chofanana kukamwa ndi kunsi, chokhomeredwa pa mtengo wozikidwa pabwalo, kutali ndi denga ndi nthambi, pamene mbuzi singachigubuduze. M'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi mwana alowetse rula, awerenge mamilimita, alembe, akhuthule. Ngati simunagwe kanthu alembe kuti palibe. Mawu akuti "palibe" amenewa ndiwo amtengo wapatali m'kope lonselo, chifukwa chimene chimapha chimanga nthawi zambiri ndi ng'amba ya pakati pa dzinja, masabata awiri kapena atatu a dzuwa chimanga chikumasula.

Masamu alowa okha pamenepa. Milimita imodzi m'chitini ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Denga la kalasi lotalika mamita 10 ndi 8 likalandira mvula ya mamilimita 20 latsitsa malita 1,600, ndowa 80 za malita 20, usiku umodzi. Mwana amene amalawirira kumjigo ndi ndowa pamutu akamva nambala imeneyi saiiwala, ndipo adzafunsa yekha chifukwa chake madzi onsewo timangowaonerera akukumba zigwembe pabwalo la sukulu.

Mwamwayi, chaka cha sukulu chimayenda bwino ndi chaka cha mlimi. Teremu yoyamba imatsegulidwa mu Seputembala, mitengo ikungophuka kumene, ndipo imatha mvula itayamba. Yachiwiri ili pakati pa dzinja, nthawi ya ngumbi, bowa, mphalabungu, achule ndi ntchemberezandonda. Yachitatu imayamba ndi masika n'kuthera m'chisanu, pomwe ana a ku Thyolo akunjenjemera ndi chiperoni ndipo a ku Nkhotakota akuona mwera ukubweza asodzi kumtunda. Mwana wa kunyanja adzalemba za nkhungu zofuka ngati utsi pamadzi ndi za tsiku limene usipa wachuluka padoko. Wa ku Nsanje adzalemba tsiku limene Shire wafika pa mtengo wakutiwakuti. Makope awo sadzafanana, ndipo asafanane.

Koma phindu limene ine ndikulifuna kwambiri si la zanyengo. Ndi lakuti mwana aphunzire kusiyanitsa mawu awiri, "ndaona" ndi "akuti". Tili m'dziko limene "akuti" ali ndi mphamvu zoopsa. Akuti gogo uja ndiye wamanga mvula. Akuti kwabwera anamapopa. Akuti katemera ali ndi zina. Anthu aphedwapo chifukwa cha "akuti", ndipo masiku ano "akuti" amayenda pa WhatsApp mofulumira kuposa basi. Mwana amene kwa zaka zitatu wakhala akufunsidwa m'mawa uliwonse kuti "waona wekha kapena wamva? unali pati? linali liti?" akukula ndi chizolowezi chimene palibe buku lingampatse. Akuphunziranso kudikira. Mtengo sungauuze kuti uphuke lero poti mawa kuli mayeso. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kopeli lilembedwe m'chilankhulo cha pamalopo, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, chilichonse chimene ana amatchulira zinthuzo. Apa sindinyengerera. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndipo Chingerezi tikuchifuna, koma m'Chingerezi mulibe chizimalupsa. Mulibe kusiyana kwa ngumbi ndi mafulufute, mulibe utale ndi ndelema, zonse zimangokhala tizilombo ndi bowa. Mwana akakakamizidwa kulemba m'chilankhulo chimene mulibe dzina la chimene waona, amasiya kuchiona. Mayinawa ali ndi agogo kunyumba, ndiye ntchito ya kunyumba ikhale yokawafunsa. Ndi kangati sukulu imatuma mwana kwa agogo ake osaphunzira kuti akatengeko nzeru? Kawirikawiri imamutuma kukatenga ndalama ya chitukuko basi.

Apa ndisiyane pang'ono ndi anzanga okonda chikhalidwe, amene amafuna kuti zonena za makolo zilandiridwe zonse ngati malemba oyera. Akuluakulu amati mango akabereka mothyola nthambi ndiye kuti kukubwera njala. Chabwino. Ana alembe chaka chino kuti mango anabereka motani, alembenso mvula ndi zokolola. Zikakwana zaka khumi, kalasi ya nthawi imeneyo iyale masamba khumiwo pansi iwone. Zikagwirizana, agogo apambana ndi umboni m'manja. Zikapanda kugwirizana, mudzi waphunzira kuti chizindikiro chimenecho chisamatsogolerenso khasu. Zizindikiro za makolo zinapimidwa pa nyengo ya nthawi yawo. Ngati nyengoyo yasuntha, zina zikugwirabe, zina zikunamiza anthu, ndipo kuzilemekeza kwenikweni ndi kuziyesa, monga eni akewo ankachitira ndi maso awo. Ndikusiyananso ndi ophunzira ena amene akamva za nyenje ndi abongololo amakwinya nkhope n'kuti ndi zachikale. Chamoyo chimamva kutentha, chinyontho ndi kutalika kwa usana, n'kuchitapo kanthu. Kuchiyang'anitsitsa ndi kuwerenga chipangizo choyezera chimene sichifuna batire.

Zotsutsa zenizeni zili kwa aphunzitsi, ndipo ndi zomveka. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi anasefukira, ndipo mpaka lero mphunzitsi mmodzi amatha kuima pamaso pa ana oposa 100, ena atakhala pansi, ena pansi pa mtengo. Kumuuza munthu ameneyu kuti nayi ntchito ina n'kumuputa dala. Yankho langa ndi lakuti cholembera chisakhale m'manja mwake. Sukulu zathu zimadziwa kale kugawira ana ntchito: pali wosesa, pali woimba belu, pali wolemba olongolola. Pakhalenso awiri a sabata imeneyo oyang'ana chitini ndi mitengo. Mphunzitsi apereke mphindi zisanu Lachisanu kuti awiriwo awerengere anzawo zomwe alemba, anzawo atsutse kapena avomereze. Zotsalazo zimuchepetsera ntchito, chifukwa manambala a masamu ndi mutu wa chimangirizo azitenga m'kope momwemo.

Ena akuti kuti zitheke, ziikidwe pa mayeso a MANEB. Ayi, chonde. Tsiku limene zidzalowe pa mayeso, padzatuluka kabuku ka mafunso ndi mayankho kakuti ngumbi zimauluka mwezi wakuti, ana a ku Chitipa ndi a ku Chikwawa adzaloweza yankho limodzi, ndipo palibe adzapitenso pachulu. A ku Domasi amene amakonza silabasi angothandiza ndi chinthu chimodzi, kupereka malo pa ndondomeko ya sabata kuti mphunzitsi wochita zimenezi asaoneke ngati akuba nthawi ya boma.

Ana adzanama, inde. Adzakopera kwa anzawo, adzalemba mvula ya Loweruka ali kumsika. Mankhwala ake ndi kusalanga mwana amene walemba kuti "sindinaone" kapena "sindinabwere". Mukamukwapula chifukwa cha mpata wosalembedwa, mawa adzaudzaza ndi bodza, ndipo kope lodzaza ndi bodza ndi loipa kuposa kope lamipata. Tchuthi cha Disembala nachonso chimagwa pamene mvula yafika povuta, koma pasukulu sipasowa ana okhala pafupi, mlonda, kapena mphunzitsi wogona m'nyumba za sukulu.

Mdani wamkulu wa kopeli ndi amene amadya mapepala onse m'dziko muno: chiswe, denga lodontha, ndi wogulitsa mandasi wofuna pokulungira. Wina ndi kusamutsidwa kwa ahedi. Ndaonapo sukulu imene zolemba zonse za dimba la ana zinasowa tsiku limene mphunzitsi wa zaulimi anakweza katundu wake pa lole. Choncho kopeli lilembedwe pa mndandanda wa katundu wa sukulu amene ahedi otuluka amapereka kwa olowa, pamodzi ndi kaundula wa ana ndi makiyi. Kumapeto kwa chaka ana a Sitandade 7 akopere mitu ikuluikulu pa tsamba limodzi, tsiku la mvula yodzalira, masiku a ng'amba, mvula yonse ya dzinja, ndipo tsamba lina lipite kwa amfumu, lina kwa alangizi a zaulimi. Komiti ya sukulu ikamakumana izifunsa kuti kope lili kuti, monga imafunsira za matumba a simenti.

Ndipo mabungwe, ndikupemphani ndi ulemu wonse, ichi chokha tisiyireni. Ndikudziwa mmene zimayendera. Pabwera polojekiti ya zaka zitatu, matisheti, msonkhano wa kunyanja, ma alawansi, mwinanso matabuleti. Ndalama zikatha aphunzitsi aziti "zija zinali za bungwe lija", chitini chisanduka chotungira madzi. Kope la nyengo m'zaka zake zoyamba silionetsa kanthu kosangalatsa wopereka thandizo. Limayamba kuyankhula patapita zaka khumi, ndipo limafika pokoma patapita makumi atatu, nthawi imene palibe polojekiti imakhalako. Chingalisunge ndi mudzi umene ukuliona ngati lake. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likulimbikitsa m'masukulu angathandize kuyambitsa kumene alipo, koma kopelo likhale la sukulu yonse, lisakhale la kalabu.

Ndisanachoke kumudzi ndinamugulira mnyamata uja kope la masamba 80 pagolosale, n'kumulembera mizere inayi ija. Sindinayembekezere zambiri. Patapita masabata awiri foni ya mayi ake inandipeza madzulo, iye ali kupumira m'mwamba, akuwerenga zimene walemba: deti, ngumbi zauluka, chulu cha kuseri kwa tchalitchi, mvula itangokata, dzuwa litalowa.

Ndinamufunsa ngati waona yekha kapena wamva kwa anzake.

"Aaa, malume," anatero uku akutafuna, "zina ndili nazo m'kamwa muno."